Bomba la ku Lote: Mlandu Ngwa Yani?

M'caka ca 1969 asilikari a Apwitikizi anaponya mabomba pamudzi wa Lote, m'boma la Katete, ndipo anthu wamba anafa. Pa 28 July caka comweco bwalo la citetezo la United Nations linadzudzula dziko la Portugal cifukwa ca cinthu cimeneci. Tsono inu amene mwatsiriza sukulu, ndikufunsani: kodi mlanduwo unali wa nduna za ku Lisbon zokha?

Ine ndine mlembi wa Boma, ndipo ndidziwa kuti Boma liribe manja akeake. Lamulo liri lonse limayenda pa cala ca mlembi. Bomba la ku Lote linagulidwa ndi msonkho wa mlimi wa mphesa, kalata yolitumiza analemba ndi munthu wonga ine, ndipo amene analiponya anali mwana wa mai wina. Onsewo akadafunsidwa akadayankha kuti, "Ndi za Boma izi, ife tiribemo." Mau amenewa ndiwakana. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la nkhondo limasenzedwa ndi anthu ambiri okhala cete.

Wina adzati Apwitikizi wamba analibe mau, pakuti Salazar ndi Caetano anali kumanga otsutsa. Nzoona, ndipo ici cicepetsa mlandu wao, koma siciufafaniza. Ena analankhula. Asilikari atapha anthu mazanamazana ku Wiriyamu, m'cigawo ca Tete, pa 16 December 1972, ansembe anasonkhanitsa umboni, ndipo Adrian Hastings anaulengeza ku London mu 1973. Pa 25 April 1974 asilikari a Portugal eni ake anagwetsa boma lao, nkhondoyo niitha.

Mlandu wa azungu a ku South Africa unaposa pamenepa. Boma lao linapatsa Renamo mfuti, ndipo m'zaka zotsiriza za m'ma 1980 zigawengazo zinali kuoloka malire kudzapha ndi kufunkha m'midzi ya kuno kum'mawa. Akuluakulu a ku Vubwi, Katete ndi Sinda sanaiwale masiku amenewo. Azunguwo anali nayo mphamvu yosankha, koma analibwezera pampando boma lomwelo cisankho ndi cisankho. Amene asankha mfumu yankhanza kawiri sangaimbe mlandu mfumu yokha.

Tsopano cala ciloze ife. Kuyambira 1991 ife a m'Zambia timasankha pakati pa zipani zambiri, motero tiribe pobisala. Koma wofuna mpando akafika pamudzi timfunsa za feteleza ndi mseu basi. Ndani anamfunsapo kuti Boma lipangana ciani ndi maiko ena, kapena asilikari athu atumidwa kuti, ndipo cifukwa ninji? Tiyesa kuti nkhani za kunja nza ophunzira a ku Lusaka. Anthu a ku Lote anaona kuti nkhani za kunja zimagwera padenga la munthu wakumudzi.

Acewa a ku Mozambique ndi Malawi amagwada pamodzi nafe pa Kulamba ku Mkaika, pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Dziko lathu likadzalakwira mnansi, wolira adzakhala mbale wathu. Munaphunzira kuwerenga, werengani zimene Boma licita m'dzina lanu, funsani phungu wanu, ndipo likalakwa nenani poyera. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.