Phula la galimoto latiyambanitsa

Anamwino,

Ndine mayi wa zaka 29, ndili pabanja ndipo tili ndi ana awiri. Chaka chatha tidakongola ndalama n'kugula Sienta yakale yochokera ku Japan. Bambo akunyumba amanyamulira anthu pakati pa Limbe ndi Mbulumbuzi, ndipo ngongole sitidamalize kubweza.

Tsono sabata yatha abwera ndi nkhani yoti akufuna kugula mankhwala opaka galimoto poti kwayamba kuzizira. Akuti wogulitsa wina wawauza kuti akapanda kupaka, penti yense atha ndi chisanu, ndipo akuwaumiriza kuti atenge okwera mtengo kwambiri. Ine ndidakana poti fizi ya mwana sitidalipire. Ndidati sopo waufa ndi polishi wapansi tili naye m'nyumba, bwanji osangogwiritsa ntchito ameneyo? Chiyambire tsiku limenelo sakundiyankhula bwino. Kodi wolakwa ndani? Ndithandizeni.

Mayi wodandaula, Njuli

Mwana wanga,

Zikomo polemba. Nonse awiri muli ndi pomwe mwakhoza, komanso nonse muli ndi pomwe mwaphonya. Muwaitane bambowo kuti muwerengere limodzi.

Ndiyambe ndi wogulitsayo. Nkhani ya chisanu wayikokomeza. Mawu akuti winter omwe amalembedwa pamabotolo ena amanena za maiko ngati Britain, Canada ndi kumpoto kwa Japan, komwe kumagwa chipale ndipo amathira mchere mumsewu kuti chisungunuke. Mcherewo ndiwo umadya chitsulo. Kuno ku Chiradzulu palibe amene amathira mchere mumsewu, ndipo kuzizira kwa mu Juni ndi Julayi pakokha sikungasupule penti.

Koma sikuti galimoto yanu ilibe adani. Chiperoni chikabwera ndi nkhungu yake, galimoto imakhala yonyowa masiku angapo osauma. Usiku kumagwa mame, masana fumbi n'kumata pamamepo. Kukafika Okutobala dzuwa limawotcha denga ndi boneti mpaka penti kuyamba kutuwa. Dzinja likafika, matope amakanirira kunsi. Onjezani zitosi za mbalame ndi utomoni wa mitengo yomwe timaimikapo galimoto pofuna mthunzi. Zimenezi zikakhalitsa zimasiya zipsera. Choncho bambowo sadalakwe kuganiza zoteteza. Walira mvula walira matope: mudafuna galimoto, chisamaliro chake muchivomerenso.

Ife kuchipatala timati khungu ndilo mpanda wa thupi. Likang'ambika, tizilombo timapeza polowera. Penti ndi chimodzimodzi. Pansi pali chitsulo, kenako penti wogwira chitsulocho, kenako wamtundu, ndipo pamwamba pali wina woonekera yemwe amawalitsa. Wapamwambayu akatha kapena akakandika mpaka pachitsulo, madzi ndi mpweya zimayambitsa dzimbiri. Phula limagwira ntchito yomwe mafuta odzola amagwira pamiyendo ya ana mu Julayi: limatchinga kuti pasachite mbuu.

M'masitolo mupeza mitundu ingapo, ndipo ambirife yonse timangoti polishi. Musasokonezeke. Polishi weniweni amapala penti pang'ono kuti achotse kutuwa ndi timikwingwirima. Ameneyu si wa mwezi ndi mwezi, chifukwa mukamupaka kawirikawiri mukupepula penti wanu nokha. Kenako pali wax. Wodziwika kwambiri ndi wa carnauba, wochokera kumasamba a mtengo wina wa mtundu wa mgwalangwa wa ku Brazil. Amawalitsa bwino koma sakhalitsa, miyezi 2 kapena 3 watha, makamaka pagalimoto yogona panja. Pali sealant, wopangidwa ku fakitale, yemwe amatha miyezi 4 mpaka 6. Pomaliza pali ceramic, wokhalitsa zaka koma wokwera mtengo ndipo amafuna munthu wodziwa kupaka.

Kwa Sienta yoyenda tsiku ndi tsiku, yangongole, yogona pabwalo, ine ndinganene kuti botolo limodzi la sealant likwana. Mupake kawiri pachaka: mvula ikangosiya cha mu Epulo kapena Meyi, ndi mvula isanayambe cha mu Okutobala kapena Novembala. Botolo limodzi limapaka kangapo. Za ceramic zisiyeni kaye mpaka ngongole itatha.

Tsopano ndibwere kwa inu, mayi. Sopo waufa ndi wochapira zovala. Amachotsa phula lonse lomwe lidapakidwa, ndipo tizibulumwa take tosasungunuka timakanda penti. Polishi wapansi ndi wa simenti, pagalimoto amangomata fumbi n'kusiya mabanga. Kumeneko si kusunga ndalama ayi. Kupentanso galimoto n'kodula kuposa botolo lija, makamaka chichokereni pomwe kwacha idatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, poti penti ndi zipangizo zambiri timagula kunja. Ndiponso tsiku lomwe mudzafune kuigulitsa, wogula adzayamba kuyang'ana thupi lake asanamve n'komwe kulira kwa injini.

Kapakidwe kake n'kosavuta. Yambani n'kutsanulira madzi kuti fumbi litsike, musapukute galimoto youma ndi nsanza chifukwa fumbi ndi mchenga. Tsukani ndi sopo wa galimoto kuyambira padenga kutsika m'munsi. Khalani ndi ndowa ziwiri, ina ya sopo, ina yotsukuluzira nsalu. Nsalu ya matayala ikhale yakeyake. Pukutani iume. Pakani pamthunzi chitsulo chitazizira, pang'onopang'ono, mbali imodzi panthawi, kenako pukutani ndi nsalu yofewa monga mwalembedwera pabotolo. Kupaka wambiri sikuwonjezera chitetezo, kumangotha botolo. Pofuna kudziwa ngati phula lidakalipo, wazani madzi paboneti. Akapanga timadontho tozungulira n'kumagubuduka, lidakalipo. Akangoyala ngati pambale, nthawi yopakanso yakwana. Zitosi za mbalame chotsani tsiku lomwelo ndi nsalu yonyowa.

Pali china chomwe wogulitsa uja sadanene. Phula limateteza pamwamba pokha, pomwe dzimbiri loopsa limayambira kunsi. Galimoto zina zochokera kunja zidayenda pamchere uja zisanakwere sitima, ndiye zimafika zitadwala kale. Bambowo apite nayo kwa makaniko aikweze, ayang'ane kunsi, mozungulira matayala ndi m'munsi mwa zitseko. Atukulenso makapeti aone ngati pansi pali chinyezi. Dzinja lililonse azitsuka matope akunsiko. Pomwe penti wagumuka ndi mwala, adontheze penti msanga, bala laling'ono silichedwa kukula. Malangizo omwewa ndi a anyamata a njinga zamoto za kabaza.

Poti muli ndi ana, ndikuchenjezeni ngati namwino. Mankhwala ambiri a galimoto ali ndi mafuta a mtundu wa parafini. Asungeni pamwamba, m'botolo lake lomwe, osati m'botolo la zakumwa lomwe mwana angaliyese sobo. Mwana akamwa, musamusanzitse, chifukwa mafutawo akalowa m'mapapo ndiye zavuta kwambiri. Thamangani naye kuchipatala chomwe muli nacho pafupi, kaya cha boma pa Chiradzulu kaya ku Nguludi, mutatenga botololo. Komanso m'mawa kukazizira musamalize injini m'garaja yotseka. Utsi wake uli ndi mpweya wa poizoni wosaoneka, wosanunkha, womwe umapha.

Koma kunena zoona, chakuyambanitsani si phula ayi, ndi ndalama zomwe simudagwirizane kagawidwe kake. Galimotoyo ndiyo munda wanu. Khalani pansi madzulo ana atagona, mulembe m'kope zomwe imabweretsa pasabata. Tsiku lililonse muzipatula kangachepe ka galimotoyo payokha. Pandalama imeneyo muyambe ndi mabuleki, matayala, oyilo ndi inshuwalansi, poti m'menemo muli miyoyo ya anthu. Phula libwere pambuyo pake. Fizi ya mwana ndi ngongole zisakhudzidwe. Mukatero, tsiku logula botolo palibe amene adzaone ngati walandidwa.

Inu bambo, kukhala chete si yankho. Mayiwa akuteteza sukulu ya mwana wanu yemwe. Galimoto yowala pabwalo, m'nyumba muli zii, sizipatsa ulemu. Lipirani fizi kaye, galimoto muziitsuka bwino, siiwola ndi sabata ziwiri. Ndipo inu mayi, mwamuna wosamala katundu wa banja ndi wofunika kumuyamikira. Mukagula botololo, gwirani nsalu inayo mupake limodzi.

Mundilemberenso kuti zatha bwanji.

Anamwino