Ayi, Asayansi Sanapange Mwana Wopanda Bambo ndi Mayi

Kuyambira mu June 2023 pali uthenga womwe ukuzungulira pa WhatsApp ndi pa Facebook, woti asayansi akunja tsopano akupanga ana popanda umuna, popanda dzira la mayi ndiponso popanda chiberekero. Uthengawu umazilala, kenako n'kudzukanso, ndipo kuno ku chigwa cha Domasi suchedwa kuchoka pafoni n'kufika pamsika wa Songani, pakhomo la tchalitchi kapena pabwalo la mzikiti. Ena amaulandira mwamantha, ena amati ndi chizindikiro cha masiku otsiriza. Ife tikuti uthengawu ndi wabodza. Koma ndi bodza lomwe linamera pa nkhani yoona, n'chifukwa chake kungolikana sikokwanira. Owerenga athu ayenera kudziwa chomwe chinachitikadi.

Mu June 2023, pamsonkhano wa asayansi ku Boston, Pulofesa Magdalena Zernicka-Goetz wa ku Cambridge ndi Caltech analengeza kuti gulu lake lapanga kanthu kofanana ndi mluza wa munthu wa masiku oyambirira. Mu September chaka chomwecho, gulu la Pulofesa Jacob Hanna la ku Weizmann Institute ku Israel linasindikiza zotsatira zake m'magazini ya Nature. Kanthu komwe iwo anapanga kanali ndi maonekedwe a mluza wa masiku 14, ndipo kanatulutsa timadzi tomwe timachititsa kuti kachipangizo koyezera mimba kasonyeze kuti mayi waima. Manyuzipepala akuluakulu anathamangira mitu yodzidzimutsa, ndipo pomwe nkhaniyo imafika kwa ife, kamluza kongoyerekezera kanali katasanduka khanda.

Chiyambi cha zonsezi ndi maselo amene asayansi amawatcha stem cells. Awa ndi maselo omwe sanasankhe ntchito: akhoza kudzakhala a khungu, a magazi, a mtima kapena a ubongo. James Thomson wa ku Wisconsin anayamba kuwasunga mu labotale mu 1998, atawatenga ku miluza yotsala m'zipatala zothandiza osabereka. Mu 2006 ndi 2007, Shinya Yamanaka wa ku Japan anaonetsa kuti ngakhale selo la khungu likhoza kubwezedwa m'mbuyo n'kukhala ngati maselo amenewa, ndipo mu 2012 analandira mphoto ya Nobel. Apa bodza loyamba lagwa kale. Maselowa sachokera kumwamba kapena m'makina. Amachokera kwa munthu amene anabadwa kwa bambo ndi mayi, kapena ku mluza womwe unapangidwa ndi umuna ndi dzira. Palibe wasayansi amene walenga moyo kuchokera ku zinthu zopanda moyo.

Zomwe a Hanna anachita n'kusakaniza maselo otere pafupifupi 120, a mitundu ingapo, n'kuwasiya kuti adzisanje okha. Mwa timagulu 100 tiliwonse, kamodzi kokha ndi komwe kanadzisanja bwino. Kukula kwake kunali pafupifupi theka la milimita, kochepa kuposa njere ya mawere. Kanalibe mtima, kanalibe ubongo, kanalibe manja kapena miyendo.

Wina anganene kuti lero ndi theka la milimita, mawa likhala khanda. Tione zomwe zachitika pa nyama, pomwe malamulo amalola kupitirira. Mu August 2022, magulu awiri omwe aja, la Zernicka-Goetz ndi la Hanna, anapanga zoyerekezera za miluza ya mbewa. Zinafika pa masiku asanu ndi atatu ndi theka, mtima unayamba kugunda, kenako zinaleka kukula, pomwe bere la mbewa limatenga masiku pafupifupi 20. Mu April 2023, asayansi a ku Shanghai anaika zoyerekezera za miluza ya apusi m'ziberekero za apusi aakazi asanu ndi atatu. Atatu anaonetsa zizindikiro za bere, koma patangopita masiku ochepa zonse zinazimiririka. Palibe mbewa kapena pusi amene wabadwa kuchokera ku zoyerekezerazi. Mwa zifukwa zake, chachikulu n'chakuti sizitha kupanga nsengwa yogwira ntchito, yomwe imadyetsa mwana ndi kumulumikiza kwa mayi wake. Kunena zoona, kafukufukuyu waonetsa kuti chiberekero cha mayi n'chovuta kuchilowa m'malo kuposa momwe ambiri ankaganizira.

Nanga asayansi akuvutikiranji? Yankho tingaliyambire pano pomwe. Ku National Aquaculture Centre ku Domasi, komwe amaswetsa nsomba monga makumba ndi milamba, wogwira ntchito akhoza kutenga dzira la mlamba, kuliika pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono, n'kuona selo limodzi likugawikana kukhala awiri, anayi, asanu ndi atatu, mpaka kansomba kaswe pasanathe masiku awiri. Mazira akafa, amatha kufufuza ngati vuto ndi madzi, kutentha kapena makolo ake. Kwa munthu mwayi umenewu palibe. Mluza ukangomata m'chiberekero, patatha pafupifupi sabata imodzi, umabisika. Lamulo lomwe linachokera ku lipoti la Mary Warnock la 1984, lomwe dziko la Britain linalikhazikitsa mu 1990 ndipo maiko ambiri amalitsatira, limaletsa kusunga mluza weniweni wa munthu mu labotale kupitirira masiku 14. Chonsecho, ndi pakati pa tsiku la 14 ndi la 28 pomwe thupi limayalidwa: mutu ndi msana zimadziwika mbali yake, mtima umayamba kugunda cha pa tsiku la 22, ndipo njira yomwe imadzakhala ubongo ndi mtsempha wa msana imatsekeka cha pa tsiku la 28. Nthawi imeneyi amayi ambiri amakhala asanadziwe n'komwe kuti aima. Zoyerekezerazi zapangidwa kuti masabata obisikawa aoneke.

Nkhaniyi si ya azungu okha. Magazini ya zachipatala ya The Lancet inalemba mu 2021 kuti padziko lonse amayi amapita padera maulendo pafupifupi 23 miliyoni pachaka, kutanthauza pafupifupi mimba 15 pa 100 zilizonse zodziwika. Madokotala amadziwa kuti pafupifupi theka la mimba zomwe zimachoka m'miyezi itatu yoyambirira zimachoka chifukwa maselo sanagawikane bwino kuchokera pachiyambi, osati chifukwa cha cholakwa cha wina aliyense. Koma m'midzi mwathu, mayi akapita padera kawiri kapena katatu, mlandu umayamba. Mwamuna amauzidwa kuti wam'dula mkazi wake, apongozi amaloza mpongozi chala, agogo ena okalamba amatchedwa mfiti. Mabanja amatha, ndipo abale amadana mpaka kumanda. Momwemonso mwana akabadwa ndi msana wotseguka, vuto lotchedwa spina bifida, lomwe kawirikawiri limayenda limodzi ndi kudzaza madzi m'mutu, makolo amanyamula manyazi pamwamba pa ulendo wautali wopita ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Vutoli limayamba m'masiku 28 aja, ndipo folic acid, yemwe ali m'mapiritsi owonjezera magazi omwe amayi amalandira kusikelo, amachepetsa kwambiri chiopsezo chake ngati mayi wayamba kumwa asanaime kapena atangoima kumene. Kafukufuku amene angafotokoze bwino masabata amenewa akhoza kuchotsa mlandu pamutu pa anthu osalakwa.

Sitikunena kuti pankhaniyi palibe chodetsa nkhawa. Abusa, ansembe ndi mashehe amene akufunsa kuti umunthu umayambira pati akufunsa funso lenileni, ndipo asayansi eni ake sagwirizana kuti choyerekezera chikafanana kwambiri ndi mluza chiyenera kutetezedwa motani. Mpingo wa Katolika umatsutsa kuwononga miluza pofuna kutengako maselo, ndipo chimenecho n'chiphunzitso chomwe munthu akhoza kuchigwira ndi mtima wonse. Bungwe la asayansi a maselowa padziko lonse, la ISSCR, linaika m'malangizo ake a 2021 kuti n'koletsedwa kuika choyerekezera cha mluza wa munthu m'chiberekero cha munthu kapena cha nyama. Mu July 2024, akatswiri a ku Britain anatulutsanso ndondomeko yoyendetsera ntchitoyi. Malire akufunika, ndipo ndi bwino kuti anthu achipembedzo alankhulepo. Koma wotsutsa atsutse chomwe chilipo. Amene akulimbana ndi khanda la m'botolo lomwe kulibe adzapezeka kuti alibe chonena pa tsiku lomwe funso lenileni lidzafike kunyumba ya malamulo.

Chomwe chikutiopsa kwambiri n'chakuti bodzali likhoza kukumana ndi mantha akale. Mu 2017, mphekesera za anamapopa ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo zinaphetsa anthu osalakwa, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'madera ena. Pa nthawi ya Covid-19 tinamva kuti katemera amatseka kubereka. Ngati mayi woyembekezera wa m'chigwa chino angakhulupirire kuti magazi omwe amapereka kusikelo akupita kukapangira ana kunja, adzasiya kupita kuchipatala. Magaziwo amayezedwa kuti aone HIV, chindoko ndi kuchepa kwa magazi, matenda omwe amapha amayi ndi makanda pomwe mankhwala ake alipo. Komanso kafukufuku wa zaumoyo m'dziko muno amafunika chilolezo cha makomiti monga National Health Sciences Research Committee, ndipo wotenga nawo mbali amayenera kufotokozeredwa n'kuvomera yekha.

Chigwa cha Domasi chili ndi udindo wapadera pankhaniyi. Malawi Institute of Education, yomwe imakonza masilabasi a sukulu za dziko lino, ili pano. Domasi College of Education, yomwe imasula aphunzitsi a sekondale kuphatikizapo a sayansi, ili panonso. Tikupempha kuti phunziro la kakulidwe ka mwana m'mimba lisamathere pa kuloweza mayina a ziwalo pokonzekera mayeso a MSCE. Mwana wa Fomu 3 azitha kufotokozera amayi ake kunyumba chifukwa chomwe mimba imachokera, ntchito ya mapiritsi a kusikelo, ndi kusiyana kwa kagulu ka maselo ndi khanda. Ndipo inu owerenga, uthengawu ukafikanso pafoni yanu, musautumize. Funsani amene wakutumiziraniyo kuti mwanayo anabadwira chipatala chiti, tsiku liti, ndipo dzina lake ndani.