Za Anthu Okana Katemera M'dzina la Mulungu

Alipo anthu ena opemphera amene amaphunzitsa kuti kubayitsa mwana katemera ndiko kukayika Mulungu. Amati sayansi nayonso ndi chipembedzo, ndipo munthu sangagwire zipembedzo ziwiri. Chiphunzitso chimenechi n'chonama, ndipo chaphetsa ana.

Munthu yemweyo akafuna kupita ku Blantyre amakwera galimoto pa Lirangwe, osafunsa ngati woyendetsayo anabatizidwa. Mbale wake akamachokera ku Johannesburg amakamchingamira pa bwalo la ndege la Chileka, osakayika konse kuti chitsulo cholemera chotero chitera bwino. Kodi pamenepo wakana Mulungu? Iyayi. Wakhulupirira chinthu chimene chayesedwa kambirimbiri anthu akuona.

Katemera ali chimodzimodzi. Edward Jenner anamuyesa ku England mu 1796, ndipo asing'anga anzake anayesanso pofuna kumpeza cholakwa. Pakuti mwambo wa sayansi ndi wotero, kuti mawu a munthu, angakhale wamkulu chotani, sakhazikika kufikira ena atawayesa. Nkhalamba zina za ku Lirangwe zikali ndi chipsera cha katemera pamkono, koma nthomba, imene inkachititsa anthu khungu, inatheratu pa dziko lonse, monga kunalengezedwa mu 1980.

Chikhulupiriro cha pa Mulungu chimanena za zosaoneka, monga chikhululukiro ndi moyo ulinkudza. Tsono chikuku chimaoneka ndi maso. Mu 2010 chinabuka m'Malawi nichipha anthu oposa 200, ambiri a iwo ana, mipingo ina ikubisa ana ake kwa obaya katemera. M'mabanja otero okanawo anali akuluakulu, koma ogona pamphasa anali makanda osadziwa n'kupemphera komwe.