Mwana ndi wa Wobala, wa Wolera, Kapena wa Wolemba Chikalata?

Mafilimu a pa TV a Star Trek anaweruzapo mlandu umodzi kawiri, ndipo zigamulo zake zinatsutsana. Mu 1990, m'gawo la The Next Generation lotchedwa Suddenly Human, Kaputeni Picard anabweza mnyamata kwa bambo womulera. Mu 1993, m'gawo la Deep Space Nine lotchedwa Cardassians, Benjamin Sisko analanda mnyamata kwa bambo womulera n'kumupereka kwa womubala. Onse awiri ndi akuluakulu a Starfleet, olumbirira malamulo amodzimodzi. Nanga anakhoza ndani? Kapena onse anathamangira kugamula asanafunse poyambira mlandu?

Tiyambe ndi Jono. Iye ndi munthu ngati ife, dzina lake lobadwa nalo ndi Jeremiah Rossa. Makolo ake anaphedwa pamene asilikali a mtundu wa Talarian anathira nkhondo malo otchedwa Galen IV. Msilikali wamkulu, Endar, anatenga kamwanako kukalera, poti mwambo wa kwawo umalola bambo amene mwana wake anafera kunkhondo kutenga mwana wa mdani. Sitima ya m'mlengalenga ya Enterprise itamupeza ali ndi zaka 14, Picard anayesetsa kumukumbutsa kumene anachokera mpaka mnyamatayo anasokonezeka mutu, n'kumubaya Picard ndi mpeni ali mtulo. Apa m'pamene kaputeniyo anavomera kuti panalibe amene anamufunsa mwanayo zofuna zake, ndipo anamulola kubwerera kwa Endar.

Kodi mwana azichita kusolola mpeni kuti akuluakulu atchere khutu? Ndipo chikondi cha Endar, chimene filimuyi ikuonetsa kuti n'chenicheni, chikufafaniza bwanji zoti gulu lake lomwelo ndi limene linamusandutsa mwanayo wamasiye? Agogo ake aakazi a Jono ali moyo, akumudikira, koma timangowaona mu uthenga wojambulidwa basi. Ku Argentina, agogo a bungwe la Abuelas de Plaza de Mayo akhala akufunafuna kuyambira 1977 zidzukulu zimene boma la asilikali linaba, zambiri n'kukaleredwa m'mabanja a asilikali ndi a anzawo. Ena mwa anawo ankakondedwa ndithu kumene anakulira. Ndani angapite kukauza agogo amenewo kuti asiye kufunafuna chifukwa mwana wazolowera?

Nkhani ya Rugal ndi yowawa koposa, komanso ndi yolembedwa bwino koposa. Mtundu wa Cardassian unapondereza dziko la Bajor kwa zaka pafupifupi 50, ndipo pochoka unasiya ana ake amasiye kumeneko. Rugal, wa zaka 12, ndi mmodzi wa iwo. Anamulera ndi Proka Migdal, mwamuna wa ku Bajor, amene amamukonda ndi mtima wonse. Mnyamatayu amavala ndolo ya chipembedzo cha ku Bajor, amapemphera ngati iwo, ndipo Garak, telala wa mtundu wa Cardassian, atamugwira paphewa, anamuluma dzanja. Mayi wina, Keiko O'Brien, atamuphikira chakudya cha ku Cardassia poganiza kuti amusangalatsa, Rugal anakankhira mbale kutali. Amadana ndi mtundu wa Cardassian, chonsecho akayang'ana pagalasi amaona nkhope ya mtundu womwewo.

Kodi tinganene kuti munthu walera bwino mwana ngati wamudyetsa, kumuveka ndi kumupempherera, koma wamuphunzitsa kuchita manyazi ndi khungu lake? Proka sananame: zimene a Cardassian anachita ku Bajor zinali zoopsa. Koma choonadi chimenecho anachithira mumtima wa mwana amene sangavule nkhope yake. Nanga mankhwala ake ndi kumunyamula mwanayo, iye akukana, kupita naye kwa bambo amene sakumukumbukira, kudziko limene analiphunzira ngati kwawo kwa zigawenga? Sisko anatero. Zifukwa zake anazinena m'mawu ochepa chabe a lipoti lake, filimu n'kutha. Amene akufuna kudziwa mmene Rugal anakhalira ku Cardassia anadikira mpaka 2009, pamene Una McCormack analemba buku la The Never-Ending Sacrifice.

Koma pagona nkhani ndi apa. Rugal sanali wamasiye. Bambo ake, Kotan Pa'Dar, wandale wotchuka, ankakhulupirira kuti mwanayo anafa pamodzi ndi mayi ake pamene nyumba yawo inaphulitsidwa. Dokotala Bashir ndi Garak atafufuza, anapeza kuti amene anakamutula mwanayo kumalo osungirako ana ku Tozhat anali msilikali wa ku Terok Nor, siteshoni imene ankailamulira Gul Dukat, mdani wa Pa'Dar pa ndale. Mwana anabisidwa kuti adzakhale chida chonyozetsera bambo ake tsiku lina. Abambo awiri akulimbirana mwana pabwalo, pamene amene anatchera msampha watuluka n'kumapita, osaimbidwa mlandu. Kodi bwalo lotere likuweruza ndani?

Asatinamize wina kuti izi n'zongopeka. Mu 2007 akuluakulu a boma la Chad anagwira a bungwe la ku France la L'Arche de Zoé akufuna kuulutsa ana 103 amene ankati ndi amasiye a ku Darfur, koma zinadziwika kuti ambiri anali ndi makolo kapena abale amoyo. Mu Malichi 2025, komiti yofufuza choonadi ya ku South Korea inapeza kuti m'ntchito yotumiza ana kunja munali chinyengo, kuphatikizapo kulemba ana a makolo amoyo ngati otayidwa. Kuno kwathu tikukumbuka mtsutso wa mu 2006, pamene Madonna anatenga mwana kumalo osungirako ana ku Mchinji bambo ake ali moyo, ndiponso wa mu 2009, pamene khoti lalikulu linamukaniza kutenga mwana wachiwiri koma khoti la apilo linamuloleza. Sitikunena kuti pamenepo panali chinyengo. Tikungofunsa: mwana amene umphawi wamufikitsa kumalo otere, malume ake, azakhali ake ndi agogo ake alipo, ndi wopanda mwini? Makolo anati chibale ndi fupa, sichiola. Kodi chimaola munthu akasauka?

Malamulo alipo. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la mu 1989 limati maganizo a mwana azimveka pa nkhani zomukhudza, komanso pomupezera pokhala aziganizira mtundu, chipembedzo, chikhalidwe ndi chiyankhulo chake. Pangano la ku The Hague lokhudza kutenga ana kupita nawo kumaiko ena linagwirizanidwa mu 1993, chaka chomwecho cha filimu ya Rugal. Sisko akanakhala nawo mapanganowa patebulo, akanapeza kuti mfundo ziwirizi zikukokana pa mwana mmodzi. Chikhalidwe chake n'chiti, cha magazi kapena cha pakamwa pake?

Mu Star Trek momwemo, Worf wa mtundu wa Klingon, amene banja la Rozhenko linamutola makolo ake ataphedwa ku Khitomer, ndi Michael Burnham wa mu Discovery, amene analeredwa ndi Sarek ku Vulcan, amatipatsa mpumulo chifukwa anakula n'kukhala ngwazi. Komatu Worf anakula akusakasaka Uklingoni umene anaphonya, ndipo Sarek, atauzidwa kuti asankhe mwana mmodzi woti alowe gulu la ofufuza la ku Vulcan, anasankha Spock, mwana wobala yekha, n'kumubisira Michael.

Nanga ana ena aja a ku Tozhat, opanda bambo wandale? Kamtsikana kena kanamufunsa Garak ngati wabwera kudzawatenga, iye anayankha kuti ayi. Pa'Dar atapemphedwa kuti awakumbukire, anangozemba. Chigamulo chathu n'chakuti Picard anamva mwana mochedwa, Sisko sanamumve n'komwe, ndipo onse awiri anasiya wakuba mwana akuyenda mfulu.