Mwana wofunsa za zimaloboti musamukalipire

Pali funso limene limakanganitsa anyamata okonda masewera a zimaloboti zankhondo, zija zazitali ngati mlambe zimene munthu amaziyendetsa ali m'kati mwake. Masewerawa si a lero ayi. BattleTech anatuluka ku America mu 1984, ndipo zimaloboti zake zambiri ndi za matani 20 mpaka 100. Funsolo ndi ili: chiloboti chitapita kutali mumlengalenga kumene kulibe mphamvu yokokera zinthu pansi, n'kuponya chinthu chopanda mass ngakhale pang'ono, chinthucho chingayende bwanji?

Ndikudziwa chimene muyankhe inu makolo amumsika. Muti, "Fizi ndikulipira ine ndi ndalama ya usipa, iwe n'kumalimbana ndi zidole?" Pepani bambo, pepani mayi, koma pamenepa ine ndili mbali ya mwanayo. Funso lakeli ndi Physics weniweni, yemweyo amene mukulipirira.

Vuto limayambira pa chilankhulo chathu chomwe. Ife timangoti kulemera basi (ndipo wandalama naye timati walemera, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina). Asayansi amasiyanitsa pawiri. Weight ndi mmene dziko likukokera chinthu pansi. Mass ndi liuma la chinthucho: kukana kunyamuka chikaima, kukana kuima chikanyamuka. Thumba la chimanga la makilogalamu 50 mutapita nalo kumwezi lingapepuke kasanu ndi kamodzi, mwana n'kulinyamula. Koma wina atakugendani nalo pachifuwa, mungadziwe kuti chimanga chonse chikadali momwemo.

Amene sakumvetsa apite pagombe la Nkopola m'mamawa asodzi akamakocheza. Boti lamatabwa lodzaza makoka ndi anthu, pamchenga amuna khumi amalikoka mochita kubuula. Pamadzi kamnyamata kamodzi kamalisuntha, chifukwa madzi alinyamula ndipo palibe mchenga woligwira. Koma likayamba kuyenda, kamnyamata komweko katati kaliimitse ndi dzanja, kaona zakuda. Ilala, imene inalumikizidwa ku Monkey Bay n'kuyamba maulendo mu 1951, ilibe mabuleki ngati a minibasi. Woyendetsa amachepetsa liwiro akadali kutali, chifukwa matani oposa 600 saima ndi mluzu. Chiloboti mumlengalenga chili chimodzimodzi, kungoti kumeneko kulibe ngakhale madzi ochibweza. Chikayamba kupita, chapita.

Ndipo chikaomba mfuti? Pa boma la Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi ija, pali mfuti ya sitima ya Guendolen, sitima imene inaombera Hermann von Wissmann ya Majeremani mu Ogasiti 1914. Mfuti iliyonse, kaya imeneyo kaya gogodera, ikalavula chipolopolo imakankha mwini wake chambuyo. Chiloboti chopanda poponda chingayambe kubwerera chambuyo, osaimanso mpaka chitayatsa injini zolozera mbali inayo.

Tsono tibwere pa chinthu chopanda mass. Lamulo la Isaac Newton la mu 1687 limati kuti udziwe mmene liwiro la chinthu likuwonjezekera, tenga mphamvu yochikankha uigawe ndi mass yake. Mass ikakhala ziro ndiye kuti ukugawa ndi ziro, ndipo kakyuleta ya mu okala iliyonse ikuuzani kuti zimenezo sizitheka. Apa Newton watha mawu. Yankho linachokera ku nzeru za Albert Einstein za mu 1905: chinthu chopanda mass sichingaime, ndipo m'malo opanda kanthu sichingachepetse kapena kuwonjezera liwiro. Chimangoyenda pa liwiro limodzi, makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, kuzungulira dziko lino kasanu ndi kawiri usanamalize kunena kuti "odi". Chinthu choterocho chilipo ndipo mumachiona tsiku ndi tsiku. Ndi kuwala. Kuchokera kudzuwa kufika pa Nkopola kumatenga mphindi 8 ndi pang'ono.

Choncho m'masewera aja, woponyeredwa chinthu chopanda mass alibe mpata wozinda, chifukwa pochiona ndiye kuti chamupeza kale. Ndipo musati popeza chilibe mass ndiye kuti chilibe nkhonya. Kuwala kumakankha, pang'ono zedi koma kumakankha. Mu 2010 a ku Japan anatumiza mumlengalenga chombo chotchedwa IKAROS chokhala ndi thanga, chimene kuwala kwa dzuwa kunachikankha monga mwera ukankhira ngalawa. Gravity nayenso sakusiya kuwala: mu 1919 Arthur Eddington anayeza pa chilumba cha Principe nthawi ya kadamsana, n'kupeza kuti kuwala kwa nyenyezi kumapindika podutsa pafupi ndi dzuwa.

Kunena zoona, olemba masewera ambiri akati chopanda mass amatanthauza chopanda weight, n'kusakaniza ziwirizi ngati mmene timachitira ife. Mwana amene wagwira bodza limeneli wamvetsa chinthu chimene anzake ambiri amangoloweza kuti adutse mayeso a MANEB, n'kuiwala asanafike pa depoti. Safunsa anadya phula, timatero. Nanga bwanji wofunsa timamutcha wamasewera?

Inu aphunzitsi a Physics a m'mbali mwa nyanja, kudandaula kuti labotale ilibe zipangizo n'koona, sindikutsutsa. Koma phunziro ili silifuna botolo kapena waya. Pemphani msodzi mmodzi akubwerekeni boti kwa theka la ola. Ana alikankhe lili lopanda kanthu, kenako akweremo asanu alikankhenso, pamadzi ofika m'mawondo. Mukatero afunseni kuti zikanatani botilo likanakhala lopanda mass. Ndipo amene ayambe kuyankha za zimaloboti, musamutulutse pagulu.