Kuvomera mlandu si kugula ufulu

Kuno ku Chintheche, mnyamata akagwidwa ataba ukonde kapena injini ya boti, abale amamulangiza kuti akavomere msanga, ati khoti likamumvera chisoni. Malangizowa ali ndi choonadi, koma si chonse.

N'zoona kuti makhoti athu amachepetsa chilango cha munthu amene wavomera mlandu, nthawi zina mpaka ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Amatero chifukwa sanatayitse khoti nthawi, komanso wolakwiridwa sanavutike kufotokozanso pagulu zimene zidamuchitikira. Ndiponso gawo 340 la lamulo loyendetsera milandu limati wolakwa koyamba asapite kundende pokhapokha ngati palibe chilango china choyenera.

Koma kuchepetsa si kufafaniza. Pa milandu ya Cashgate, mayi Treza Senzani adavomera mu 2014 ndipo adalamulidwa kukakhala kundende zaka 3. A Oswald Lutepo nawonso adavomera, koma mu 2015 adawagamula zaka 11. Kukula kwa mlandu ndiye kumayamba, chisoni chimabwera pambuyo.

Nanga chisonicho khoti limachiona bwanji? Misozi yokha siyikwana. Limayang'ana ngati munthu wabweza zimene adaba, ngati adathandiza apolisi, ndiponso ngati wavomera msanga osati mboni zonse zitamupanikiza kale.

Chimene chimandidetsa nkhawa ngati mphunzitsi n'chakuti ena amavomera mlandu umene sadapalamule, pongotopa ndi rimandi. Mbiri imeneyo imamutsatira munthu mpaka pofunsira ntchito. Ena amangoti "inde" asanamvetse chimene awawerengera. Ambiri kuno timayankhula Chitonga, ndipo gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa woimbidwa mlandu ufulu woweruzidwa m'chiyankhulo chimene akumva kapena kukhala ndi womasulira. Majisitireti nayenso ayenera kutsimikiza kuti munthuyo akudziwa zotsatira za kuvomera kwake.

Choncho makolo anzanga a ku Kande, Mpamba ndi Usisya, mwana wanu akamangidwa, musamukankhire ku "inde". Mufunseni bwino chimene chidachitika, ndipo funani thandizo ku Legal Aid Bureau kapena kwa maparaligo oyendera ndende. Ngati adalakwadi, avomere msanga, abweze za eni ndipo apepese. Ngati sadalakwe, akane poyera, mboni zibwere.