Mapu Sali Mboni Yoposa Manda

Mafumu ndi abale a Msonkhano,

Alipo ena pakati pathu amene, ukabuka mlandu wa malire, atulutsa mapu akale a Magomero nati, Pepala lanena, mlandu watha. Ine ndikana.

Kumbukirani kuti pofika Bishopu Mackenzie pa mtsinje wa Namadzi m'chaka cha 1861, anapeza mfumu Chigunda ndi anthu ake alipo kale. Kuyambira 1892 Harry Johnston anapatsa Azungu makalata a dziko, ndipo A. L. Bruce anatenga maekala 169,000 pa Magomero. Makalatawo anati midzi yopezeka pamenepo isavutidwe. Koma mudzi ukasamuka kutsata nthaka yatsopano, monga mwa mwambo wathu, anthu ake anasanduka alendo pa dziko la makolo awo. M'menemo munatuluka thangata, ndi mwazi wa 1915.

Tsono mapu otere anajambulidwa kusunga malire a wogula, si a mwini mudzi ai. Chifukwa chake ndipempha kuti mfumu iliyonse iitane nkhalamba zake zisanatsikire kuli chete, zitchule manda, mabwinja, madambo ndi mitsinje, ndipo alembi athu alembe zonse. Pepala la mlendo liyankhidwe ndi pepala lathu.